Gitala ya pulasitiki ku Chipata: pezani gitala kaye, gemu ibwera pambuyo

Kantemba kanga ka magemu kali ku Kapata, chipinda chimodzi, ma TV atatu ndi mabenchi awiri. Anyamata amene amabwera kuno amafuna mpira basi, ndipo pakanapanda mwana wa mlongo wanga bwenzi ndikukalamba ndikuonera zigoli za pa TV. Iyeyo ndiye anandionetsa pafoni mzungu wina atakoleka kagitala kapulasitiki m'khosi, zala zikuthamanga pa mabatani ngati nkhuku pa mphale. "Amalume, mugule ichi, anthu azidzaza mpaka pakhonde." Ndinagula. Gitala yoyambayo ili pakhoma mpaka lero, sinalirepo ngakhale kamodzi.

Kwa amene simunaonepo, zimayenda chonchi. Pa TV pamaoneka msewu wautali wonga khosi la gitala, ndipo timadontho tamitundu isanu timatsetsereka kubwera kwa inu motsatira nyimbo. Pakhosi la gitala yanu pali mabatani asanu: lobiriwira, lofiira, lachikasu, labuluu ndi lalalanje. Kadontho kakafika pamzere wa m'munsi mumadina batani la mtundu wake ndi dzanja lamanzere, kwinaku chala chachikulu chakumanja chikukankha kalilime kamene kali pamimba pa gitala, kamene anyamata amangoti strum. Mukalondola, gitala ya m'nyimbomo imalira bwino. Mukaphonya imazima, ndipo mukachulutsa kuphonya khamu la pa TV limakukuwizani mpaka nyimbo kudukira panjira. Pa Easy mumagwiritsa mabatani atatu okha, pa Medium anayi, ndipo pa Hard ndi Expert onse asanu, pamene zala zodinira n'zinayi. Ambiri amagwera pa batani lalalanjelo.

Mbiri yake ndiifotokoza mwachidule, chifukwa ndiyo ikuuzeni kumene mukagule. Kampani ya Konami ku Japan ndiyo inayamba ndi GuitarFreaks, ya mabatani atatu. Mu 2005 Harmonix ndi RedOctane anatulutsa Guitar Hero pa PlayStation 2, ndipo inayenda malonda kwadzaoneni. Chaka chotsatira Activision inagula RedOctane, MTV inagula Harmonix, banja n'kutha. Harmonix inatulutsa Rock Band mu 2007, yokhala ndi gitala, ng'oma ndi maikolofoni, pamene Activision inapitiriza ndi Guitar Hero III chaka chomwecho. Anapikisana mpaka anthu kukhuta, moti mu 2011 Activision inaimitsa Guitar Hero. Onse awiri anayesanso mu 2015 koma moto sunayakenso ngati kale. Tanthauzo lake kwa ife ndi ili: magitala ambiri amene ali padziko lero anapangidwa pakati pa 2005 ndi 2010. Mukulowa msika wa salaula, ndipo pa salaula munthu sapita ndi muyeso wa m'mutu, amayamba waona zimene zatuluka m'belo.

Gitala yanga ya pakhoma

Ndinaipeza pa intaneti kwa munthu wina wa ku Lusaka. Pachithunzi inali yakuda, yonyezimira, yooneka ngati gitala yeniyeni yotchedwa Les Paul, ya Guitar Hero III ya pa PlayStation 3. Ndinatumiza ndalama pafoni, iye anaikweza basi, ine n'kukailandira madzulo ndili wonyadira. Ndinaika mabatire, kanyali kanayaka, kanaphethira, kanaphethiranso, basi. Chikomekome cha mkuyu. Magitala opanda nthambo a PlayStation 3 salankhula ndi makinawo mwachindunji ngati mmene pad imachitira. Amafuna kachipangizo kakang'ono kolowetsa pa USB, kamene timati dongle, ndipo mtundu uliwonse wa gitala uli ndi kake. Ka gitala ya World Tour sikadzutsa Les Paul, ka Rock Band sikadzutsa ya Guitar Hero. M'nyumba za kunja tinthu timeneti tinatayika kalekale m'madirowa, gitala n'kutsala yokha, ndipo lero kadongle kokha kakhoza kudula kuposa gitala yake. Wogulitsa uja nditamuimbira anati sadziwa kuti pamafunikanso china. Mwina ankanena zoona.

Ndiye tisanakambe za makina, tiyerekeze magitala, poti ndiwo osowa.

Yoposa onse kwa munthu wa kuno ndi X-plorer, yoyera, yangodyangodya, imene inabwera ndi Guitar Hero II ya pa Xbox 360 mu 2007. Ili ndi nthambo ya USB, sifuna mabatire, sifuna dongle, ndipo mukailowetsa pa kompyuta ya Windows imadziwika. Chenjerani ndi chimodzi: kumapeto kwa nthambo yake kuli kachidutswa kofupika kamene kamasomphoka, kanapangidwa dala kuti munthu akapunthwa pa nthambo makina asagwe. Kameneka kamasowanso, koma n'kofanana ndi ka pad ya nthambo ya Xbox 360, choncho sikavuta ngati dongle.

Yachiwiri ndi magitala a Guitar Hero a pa Wii. Anthu amawanyoza chifukwa ali ndi chibowo pamimba choikamo Wii Remote, pad ya makinawo, ndipo paokha alibe ubongo. Umenewo ndiye ubwino wake. Kanthambo kamene kamalowa mu Remote kakhoza kulowa mu adaputala yaing'ono imene imaisandutsa gitala ya USB, yopanda mabatire, yoyankha msanga. Osewera Clone Hero ambiri amakonda njira imeneyi. A Rock Band a pa Wii ndi osiyana, iwo amafuna dongle.

Magitala opanda nthambo a Xbox 360 amalumikizana ndi Xbox 360 popanda china chilichonse, koma pa kompyuta amafuna cholandirira chake cha USB. A PlayStation 2 oyambirira, ooneka ngati Gibson SG, ali ndi nthambo ya pulagi yotambalala ija ya pad ya PS2. Pa makina akewo ndi abwino kwambiri, koma pa kompyuta zimadalira adaputala, ndipo otchipa ena amataya mabatani mukadina angapo pamodzi.

Pali gitala ina imene imapezeka yotchipa ndi yatsopanotsopano, ndipo imakopa: ya Guitar Hero Live ya 2015. Iwerengeni mabatani. Ali asanu ndi limodzi, mizere iwiri ya atatuatatu, akuda ndi oyera. Siigwira pa magemu a mabatani asanu aja. Gemu yakeyo nyimbo zake zambiri zinali pa intaneti, ndipo anazitseka pa 1 Disembala 2018, n'kutsala 42 za padisiki. Isiyeni, pokhapokha akupatseni ulere pamodzi ndi dongle yake.

Pa kamvekedwe m'manja, anthu amagawanika ngati pa nkhani ya nsima yolimba ndi yofewa. Strum ya Guitar Hero imalira kuti tha tha tha, mumamva kuti mwamenya. Ya Rock Band, yooneka ngati Fender Stratocaster, ndi yofewa ndi yachete. Ine ndili kwa yolirayo, ndipo pamalo ngati anga, pamene manja makumi awiri amaigwira pa tsiku, ndiyonso imapirira.

PlayStation 2, nkhalamba yosatopa

Ngati m'nyumba muli kale PS2 imene inapuma ana atasamukira pa mafoni, muli pafupi kuposa mmene mukuganizira. Pafupifupi magemu onse a Guitar Hero kuyambira woyamba mpaka Guitar Hero 5 ndi Band Hero a 2009 anatuluka pa PS2, komanso Rock Band ndi Rock Band 2. Guitar Hero III yokha ili ndi nyimbo 73, Rock Band 2 ili ndi 84. Intaneti siifuna. Moto imadya pang'ono, makamaka yopyapyala ija, moti sola ya panyumba yokhala ndi invata imaikwanitsa pamodzi ndi ka TV kakang'ono. Ndipo imagwirizana ndi TV yakale yachimimba, imene pa magemu awa ndi chuma, monga ndifotokoze kutsogoloku.

Zovuta zake ndi ziwiri. Diso lowerengera disiki limakalamba, ndipo fumbi la Chipata la mwezi wa Ogasiti mpaka Okutobala silichitira chifundo makina aliwonse. Nyimbo ikayamba kudumpha pakati, chisangalalo chatha. Chachiwiri ndi nkhani ya zigawo: PS2 ya ku America siwerenga disiki ya ku Ulaya, ndipo ya ku Ulaya siwerenga ya ku America. Ife tili m'gulu la PAL, la ku Ulaya lija, pamodzi ndi UK ndi South Africa. Ngati muli ndi wachibale ku London kapena ku Johannesburg, katundu wa kumeneko ndiye woyenera, ndipo wa ku UK amabwera ndi pulagi ya mano atatu yofanana ndi ya pakhoma pathu. Wa ku America anapangidwira moto wa mavolti 120, pamene wathu ndi 230. Yang'anani zolemba pa adaputala musanalowetse, apo ayi mumva kafungo.

Njira imeneyi ndi ya banja limene likufuna kusangalala Loweruka madzulo popanda kuvutika ndi kompyuta. Nyimbo ndi zomwezo za padisiki mpaka kalekale, zambiri za rock ya ku America ndi ku UK. Ana amazizolowera msanga, koma musayembekeze kuti agogo aimirira kuvina.

PS3, Xbox 360 ndi Wii

Kumeneku ndiye kunali pachimake. Guitar Hero World Tour ya 2008, The Beatles: Rock Band ya 2009, Rock Band 3 ya 2010 imene inawonjezera kiyibodi, zonse zili pa makina atatuwa, ndipo anthu anayi kapena kuposa akhoza kupanga bandi m'chipinda chochezera. Zithunzi n'zokongola kuposa za PS2.

Pa atatuwa, PS3 ndiyo yofala kuno chifukwa cha mpira, ndipo madisiki ake pafupifupi onse sasankha chigawo. Koma ndiyonso ili ndi msampha wa dongle umene ndinagwamo ine. Xbox 360 ilibe msampha umenewo, gitala ndi makina zimamvana zokha, kungoti zoyambirira zoyera zija zinatchuka ndi kufa chifukwa cha kutentha, nyali zitatu zofiira zikuyaka kutsogolo. Kuika makina otere m'chipinda cha malata mu Okutobala ndi kuputa dala. Funani zakuda zopyapyala zimene zinabwera pambuyo. PS3 yonenepa yoyamba nayonso imatentha ndipo imadya moto wambiri, invata yaing'ono imalira. Wii ndiyo yosadya moto kuposa zonse, koma kuno ndi yosowa, imasankha chigawo, ndipo gitala iliyonse ya Guitar Hero imafuna Remote yake ndi mabatire ake.

Mabatirewo musawaone kuchepa. Gitala yopanda nthambo imadya a AA awiri kapena atatu, ndipo a pakantemba otchipa aja amatha nyimbo isanakome. Gulani otchaja.

China chimene ogulitsa sakuuzani: si gitala iliyonse imagwira pa gemu iliyonse, ngakhale makina ali amodzi. Pamene makampani awiri aja anali pa mkangano, zida za wina nthawi zina zinkakana pa gemu ya mnzake, makamaka magemu a 2007. A kuyambira 2008 amalolerana bwino. Funsani dzina lenileni la gitala ndi la gemu musanapereke ndalama.

PS4, PS5 ndi zatsopano

Apa ndidutsa msanga, chifukwa kwa ambiri a ife ndi njira yongoonera. Rock Band 4 inatuluka mu Okutobala 2015 pa PS4 ndi Xbox One, imayendanso pa PS5, ndipo pa PlayStation imalandira magitala akale ambiri a PS3 ngati dongle ilipo. Mphamvu yake inali pa nyimbo zogula pa intaneti imodziimodzi, ndipo anasiya kutulutsa zatsopano mu Januwale 2024. Harmonix inagulidwa ndi Epic Games mu 2021, ndipo tsopano ntchito yawo ili mu Fortnite Festival, gemu ya nyimbo ya m'kati mwa Fortnite, imene inayamba mu Disembala 2023. Imeneyi ndi yaulere kulowa, nyimbo zake ndi zimene achinyamata amamva masiku ano, mukhoza kusewera ndi pad wamba, ndipo kuyambira 2024 imalandira magitala. Chifukwa cha iyo magitala atsopano ayambanso kupangidwa, monga Riffmaster ya PDP ndi a CRKD.

Koma Fortnite siyenda popanda intaneti ngakhale mphindi imodzi. Kuikoka koyamba ndi magigabaiti makumi angapo, ndipo kawirikawiri imafuna kukokanso zina isanakulole kulowa. Nyimbo zaulere zimasinthasintha, zimene mwazikonda mumagula. Ngati muli ndi intaneti yosawerengera panyumba kapena pa lodge, ndi njira yokoma, ndipo gitala yake ndi yatsopano m'katoni. Ngati mumadalira mabandulo a pafoni, iwalani.

Laputopu yakale ndi Clone Hero

Kuno ndiye ndinafikira ine, ndipo ndikanadziwa poyamba sindikanataya ndalama kwina. Clone Hero ndi gemu yaulere yopangidwa ndi okonda masewerawa, inayamba mu 2017, ndipo imayenda pa Windows, Mac ndi Linux. Kaseweredwe n'kofanana ndi Guitar Hero, koma anachotsa zidole zovina kumbuyo zija n'kusiya msewu ndi timadontho, choncho ngakhale laputopu imene inatopa ku ofesi imaiyendetsa. Mukaikoka kamodzi, simufunanso intaneti. Imalandira pafupifupi gitala iliyonse imene kompyuta yaizindikira, ya Xbox, ya Wii ya pa adaputala, ya PS3 yokhala ndi dongle, ngakhale ya mabatani asanu ndi limodzi ija, ngakhale kuti nyimbo zake n'zochepa. Pali inanso yotchedwa YARG, yaulerenso, imene imawonjezera kuimba ndi mawu kuti mupange bandi yonse, koma imafuna kompyuta yamphamvuko.

Chimene chimaipambanitsa kuno ndi batire. Amene tinali ndi mabizinesi mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, tikukumbukira masiku amene malaiti ankabwera pakati pausiku n'kupita tambala asanalire. Ma PlayStation anga anakhala ngati miyala. Laputopu ndi gitala ya nthambo zinkapitiriza maola awiri kapena atatu, ndipo anyamata ankapanga mzere pabenchi, wina akagwa wina akulowa.

Mukhozanso kuyamba lero popanda gitala. Clone Hero imaseweredwa ndi kiyibodi, ndipo luso limeneli n'lakale: mu 2006 anyamata a ku Finland anapanga Frets on Fire, imene munthu ankanyamula kiyibodi chadodolido ngati gitala, zala pa F1 mpaka F5, Enter ndiye strum. Yesani choncho sabata imodzi ndi kiyibodi ya USB. Mukaona kuti ana akulimbirana, ndiye kasakeni gitala. Mukaona kuti tsiku lachitatu abwerera ku mpira, mwapulumutsa ndalama.

Tsopano nkhani imene imandikhudza mtima. Pa makina ena onse aja, nyimbo anakusankhirani anthu a ku Boston ndi ku California. Mu Clone Hero nyimbo iliyonse ndi kafoda chabe, muli nyimboyo ndi kafayilo konena kuti kadontho kati kagwe nthawi iti. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Moonscraper yolembera timadontho timeneto. Ndiye kuti kalindula akhoza kulowa, Zamrock ya m'ma 1970 ikhoza kulowa, ngakhale nyimbo ya kwaya ya kwanu. Ife tinayamba ndi ya anyamata ena oimba pa maukwati kuno, titawapempha, poti nyimbo ili ndi mwini wake ndipo kuiika pa intaneti popanda chilolezo ndi kuba. Zinatitengera madzulo asanu kuti nyimbo ya mphindi zinayi ikhale bwino.

Pamene tinavutika kwambiri ndi pamene ndinaphunzirapo kanthu. Pulogalamuyo mukaitsegula imagawa kugunda kulikonse pawiri kapena panayi, monga rock imayendera. Timadontho tathu tinkagwa pambali nthawi zonse, ngati munthu wovala nsapato za mnzake. Mwana wa mlongo wanga ndiye anatulukira: "Amalume, iyi ikuyenda patatupatatu." Nyimbo zathu zambiri, makamaka zochokera ku ng'oma za kumudzi, kugunda kumodzi kumagawika patatu. Titasintha muyeso kuchoka pa 1/16 kupita pa 1/12 ndi 1/24, zonse zinakhala m'malo. Tsiku limene tinaiyesa, amayi ogulitsa vitumbuwa panja analowa kudzaona, ndipo kanali koyamba munthu wamkulu kuvina m'kantemba kanga.

Kuipa kwa njira imeneyi kulipo. Gemu imabwera ndi nyimbo zochepa, zina mumasaka nokha, ndipo zambiri za pa intaneti zinalembedwera akatswiri, zili ndi Expert yokha, woyamba kumene amangoona chimvula cha timadontho. Palibenso nkhani yoyenda kuchoka pa kabala kakang'ono mpaka pabwalo lalikulu ngati mu Guitar Hero, imene ana amaikonda. Ndipo pamafunika munthu mmodzi m'nyumba wosaopa mafoda ndi kulumikiza mabatani. Ngati kulibe, PS2 ikuposa.

Kwa odziwa kuwotcherera mawaya, pali njira ina pamwamba pa imeneyi. Kabolodi kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi Pico, mutakaika pulogalamu yaulere ya Santroller, kamalowa m'malo mwa ubongo wa gitala yakufa n'kuisandutsa ya USB. Wokonza mafoni aliyense wa ku Down Shops ali ndi zida zokwanira ntchito imeneyi. Ngakhale thupi la gitala likhoza kukhala la thabwa. Ife amene tinakula tikupanga mabanjo a chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga sitiyenera kuchita mantha ndi mabatani asanu. Gitala yanga ya pakhoma ija ikudikira kabolodi kameneka.

Ng'oma

Alamu anga akhala akuliza gitala yeniyeni ku tchalitchi zaka zoposa makumi awiri. Nditawapatsa yapulasitiki anagwa pa Medium, mwana wa giredi 6 akuwaseka. "Alamu, ichi si gitala, ndi taipi," anatero akubweza. Sananame. Gitala ya pulasitiki imaphunzitsa khutu kusunga nthawi ndi zala kusadalirana, koma siikuphunzitsani kagwiridwe ka zingwe (chord) ngakhale kamodzi. Amene akufuna mwana adziwe gitala yeniyeni ayang'ane Rocksmith ya Ubisoft, imene inayamba mu 2011, yolumikiza gitala yamagetsi yeniyeni ndi nthambo yake yapadera, kapena angomutumiza kwa alamu anga.

Ng'oma ndi nkhani ina. Za Rock Band zili ndi mbale zinayi ndi chopondera cha phazi; za Guitar Hero World Tour zili ndi mbale zitatu, ziwiri zina zokwezeka m'mwamba, ndi chopondera. Pa Expert zimene manja ndi phazi zikuchita zimayandikana kwambiri ndi zimene woimba ng'oma za bandi amachita, moti mwana wozolowera apa akakhala pa ng'oma za ku tchalitchi sayambira pansi. Pa zida zonse zapulasitiki, izi zokha ndizo ndinganene kuti zimaphunzitsa chida chenicheni. Koma n'zazikulu, zovuta kutumiza, chopondera cha Rock Band yoyamba chimathyoka pakati, ndipo tiwaya ta pansi pa mbale timaduka. Phokoso lakenso si nyimbo kwa a neba, iwo amangomva ngati wina akukhoma ndowa usiku. Walira mvula walira matope. Ngati tchalitchi kapena sukulu ili ndi ng'oma zamagetsi zenizeni za USB kapena MIDI, zimenezo zimagwira pa Clone Hero ndi YARG, ndipo n'zolimba kuposa zidolezi.

Ndinabwerekapo ng'oma zotere sabata imodzi, ndipo tsiku lina kunabwera mkulu wina wa ku Katete, womenya ng'oma wodziwika kwawo, amene chaka chilichonse sasowa ku Kulamba ku Mkaika. Anyamata anamukakamiza kuyesa. Nthawi ankaisunga bwino kuposa tonse, koma nyimbo isanathe anaika timitengo pansi. Anati kubwalo womenya mbalule amayang'ana mapazi a wovina, wovina akatembenuka ng'oma imatembenuka naye. "Apa chinthuchi sichikundiona. Ndine ndikuvinira icho." Anatsanzika n'kukwera njinga yake.

Zida zina ndingozitchula. Taiko no Tatsujin ya ku Japan, imene ilinso pa Nintendo Switch, ili ndi kang'oma kamodzi ndi timitengo tiwiri, chofiira mumamenya pakati, chabuluu m'mphepete. Ana aang'ono amaimva msanga kuposa gitala, koma kang'omako kuno n'kosowa. DJ Hero ya 2009 ili ndi mbale yozungulitsa, ndi yokoma masiku ochepa. SingStar ya pa PS2, ya maikolofoni awiri, wofiira ndi wabuluu, ndiyo yosavuta pa phwando, poti aliyense pakamwa ali napo.

TV, ndi tsiku logula

Ambiri amaimba mlandu gitala pamene wolakwa ndi TV. Ma TV opyapyala amayamba akonzakonza chithunzi asanachionetse, ndipo kachedwedwe kameneko, kosakwana ndi kuphethira komwe, n'kokwanira kukuphonyetsani kadontho kalikonse. Pa mpira simungazindikire, pano mumazindikira nthawi yomweyo. Sakani Game Mode m'makonzedwe a TV, kenako mu gemu pitani pa Calibration kuti iyeze kuchedwako; kuyambira Guitar Hero II magemu onse ali napo, koma woyamba uja alibe. Sipika ya Bluetooth ndiye mdani wamkulu, imachedwetsa mawu kwambiri, gwiritsani ya nthambo. TV yachimimba ilibe vuto limeneli, ndiye ngati ilipo kuchipinda chosungira katundu, ipukuteni.

Za kogula, kuno ku Chipata m'masitolo simuzipeza, koma nthawi zina zimatuluka m'mabelo a zidole pa Saturday Market ndi ku Kapata, wogulitsa akuyesa ndi chidole cha mwana wa zaka zitatu. Uzani awiri atatu kuti akaona gitala ya mabatani asanu amitundu akusungireni. Tembenuzani kumbuyo, pali kapepala konena makina ake. Ku Lusaka n'kumene zimaonekaoneka pa intaneti, koma kumbukirani kuti Lilongwe ili pafupi kwambiri podzera pa Mwami ndi Mchinji kusiyana ndi makilomita oposa 550 a Great East Road, ndipo achibale a tsidya lija akhoza kukuyenderani kukaona ndi maso.

Ngati simungaigwire nokha, musakhutire ndi chithunzi. Wogulitsa ajambule kavidiyo gitala ili yolumikizidwa, akudina mabatani asanu limodzilimodzi, akukankha strum m'mwamba ndi m'munsi, chifukwa nthawi zambiri imafa mbali imodzi yokha. Akuonetseni dongle ili m'manja, ndiponso m'malo mwa mabatire, poti akale akavundira momwemo amadya zitsulo. Les Paul khosi lake limasomphoka, ndipo batani likamakana kawirikawiri vuto limakhala pa timano tachitsulo ta polumikizira. Kupukuta ndi kathonje konyowetsa ndi spirit n'kulimbitsa khosilo ndi kapepala kumachiritsa zambiri, choncho imeneyo musaithawe, ingotsitsani mtengo. Poikweza basi, khosi alichotse, zonse azikulunge m'chitenje n'kuika m'katoni, kadongle akamatirire ndi tepi m'kati mwa malo a mabatire. Ndipo pemphani kondakitala aiike m'kati pamwamba pa mipando, osati pansi pamodzi ndi matumba a simenti ndi nsomba za pa Luangwa.